Cruise control ikafa m'galimoto yakale ya 4x4, bvuto kawiri-kawiri limapezeka ku mabuleki

Magalimoto ambiri akale amene mawilo ake onse anai amakoka akali kuyenda m'miseu ya muno m'Zambia, ngakhale kuti ena apitirira zaka 25 cipangidwire. Ma Toyota Land Cruiser ndi Prado, Mitsubishi Pajero, Nissan Patrol ndi Land Rover Discovery amaoneka tsiku ndi tsiku pa mseu wa Great East, atanyamula mabanja, matumba a feteleza kapena anchito a m'mafamu. Injini imakhala iri bwino, giyabokosi nayo iri bwino, koma mwa ambiri a iwo muli cipangizo cimodzi cimene cinaleka kale kugwira nchito. Cipangizoci ndi cruise control, comwe cimasunga liwiro la galimoto popanda woyendetsa kuponda akiseleleta.

Eni magalimoto ena amangocileka, amvekere si cofunika. Ena amapita ku galaja kumene amauzidwa kuti kompyuta yapsa, ndipo amataya ndalama zambiri kuitanitsa ina kucokera kunja, koma ikaikidwa amapeza kuti bvuto likalipo. Onse awiri amalakwitsa pa cifukwa cimodzi. Cruise control ndi yolumikizidwa ku nyale za mabuleki, motero kufa kwake nthawi zina ndico cizindikiro coyamba cakuti nyale za kumbuyo sizikuyaka bwino. Pa ulendo wa makilomita pafupi-fupi 570 wocokera ku Lusaka kupita ku Chipata, pomwe mathiraki olemera amatsatira kumbuyo, imeneyo si nkhani yaing'ono.

M'mene cipangizoci cimagwirira nchito

Amene anatulukira cipangizoci ndi Ralph Teetor, injiniya wa ku Indiana m'dziko la America, yemwe anacita khungu ali ndi zaka 5. Iye analandira cikalata ca umwini wa luso limeneli mu 1950 ndipo anacicha Speedostat. Kampani ya Chrysler inayamba kuciika m'magalimoto ake a mu 1958 ndi dzina lakuti Auto-Pilot, ndipo dzina lakuti Cruise Control linabwera ndi magalimoto a Cadillac. Cinafala kwambiri pambuyo pa kukwera mtengo kwa mafuta kwa mu 1973, anthu ataona kuti liwiro losasintha-sintha limapulumutsa petulo.

Nzeru yake ndi yosabvuta kumva. Sensa imawerenga liwiro la galimoto ndi kutumiza uthenga ku kabokosi ka kompyuta. Woyendetsa akadina batani la SET, kompyuta imasunga liwiro la nthawi imeneyo, ndipo kuyambira pamenepo imangoyerekezera liwiro losungidwalo ndi limene galimoto ikuthamanga. Likatsika, imalamula cokokera, comwe amakanika amacicha actuator, kuti cikoke cingwe ca akiseleleta. Likakwera, cingwe cimamasulidwa pang'ono. Pambali pa izi pali timaswichi toletsa, tina pa buleki, tina pa kilachi, tina pa giya.

Mfundo yofunika kuigwira ndi iyi: opanga anakonza dala kuti kompyuta ikakayikira ciliconse, ikane kugwira nchito. Imaona kuti kuli bwino kubwezera udindo ku phazi la woyendetsa kusiyana ndi kukoka akiseleleta isakudziwa ngati idzatha kuimasula. Ndiye cifukwa cake kanthu kocepa mtengo ngati babu kapena kapaipi kong'ambika kamaimitsa cipangizo conse.

Zokokera za m'magalimoto akale ziri m'mitundu iwiri. Land Rover Discovery yoyamba, yomwe inapangidwa kuyambira 1989 kufikira 1998, pamodzi ndi Range Rover ya nthawi imeneyo, zimasewenzetsa vakyumu: pampu yamagetsi imayamwa mpweya m'kathumba ka labala, kathumbako kamafwamphuka mkati ndi kukoka akiseleleta. Toyota, m'magalimoto monga Land Cruiser 80 ya 1990 kufikira 1997 ndi Prado 90 ya 1996 kufikira 2002, inaika kamota kamagetsi kokhala ndi kilachi ya maginito. M'magalimoto ena atsopanoko, monga Discovery 2 ya injini ya Td5, mulibe cokokera ngakhale cingwe, popeza kompyuta ya injini ndiyo imadziyezera yokha mafuta. Mwini galimoto ayenera kuyamba wadziwa mtundu umene ali nawo asanamasule botolo lirilonse la nati.

Zina si mabvuto konse

Magalimoto a Toyota salola cruise control kugwira pa liwiro locepera makilomita pafupi-fupi 40 pa ola, ndipo a Land Rover amafuna pafupi-fupi 45. Munthu amene akuyesera mu mseu wa m'komboni angaganize kuti yafa pomwe iri bwino-bwino.

Palinso malire a pamwamba. Magalimoto ambiri a 4x4 a m'dziko muno anagulidwa atagwirapo kale nchito ku Japan, ndi kulowera pa Nakonde, pa Chirundu kapena pa Katima Mulilo. Amene anapangidwira msika wa ku Japan komweko m'zaka zimenezo salola kusunga liwiro lopitirira kwambiri makilomita 100 pa ola. Cruise control yogwira bwino pa 90 koma yokana pa 125 siinaonongeke; inapangidwa tero. Ndiponso mitundu ina yochipa, maka-maka ya dizilo ya giya yamanja, inatuluka m'fakitale iribe cipangizoci, ndipo ciwongolero cokhala ndi mabatani cimene wina anaikapo pambuyo pake cingakhale cosalumikizidwa kulikonse.

Pa citunda, Toyota imadzimasula yokha liwiro likatsika ndi makilomita 16 pa ola kucokera pa limene linasungidwa. Galimoto yolemedwa ndi katundu imene ikukwera kucoka pa mlatho wa Luangwa ingacite zimenezi kangapo, ndipo ngati cinalipo colakwika ciri m'mphamvu ya injini, mwina fyuluta ya mpweya kapena ya dizilo yatsekeka. Potsetsereka nkhani ndi yosiyana. Cruise control yakale iribe mphamvu pa mabuleki. Comwe ingathe ndi kumasula akiseleleta basi, ndipo galimoto yolemera matani awiri ndi theka imapitiriza kuonjeza liwiro. Pa zitsetserezi za Manenekela giya yotsika ndiyo imagwira galimoto.

Kuyambira kumbuyo kwa galimoto

Makanika wodziwa nchito yake amayamba waima kumbuyo kwa galimoto, mnzake akuponda buleki. Nyale zonse ziyenera kuyaka, kuphatikizapo yacitatu ya pamwamba ngati iripo, ndipo ziyenera kuzima phazi likangocoka. Ngati palibe imene ikuyaka, fyuzi yolembedwa kuti STOP ndiyo yoyamba kuonedwa. Fyuzi ikapsanso itangosinthidwa, ndiye kuti pali waya wokhudza citsulo, ndipo malo oyamba kukayikiridwa ndi soketi ya ngolo yokoka. Masoketi ambiri otere anaikidwa mwa kusenda mawaya a nyale ndi kumangapo tepi, ndipo madzi a m'dzinja akalowamo zonse zimasokonekera. Kuika fyuzi yaikulu kuposa yoyenera, kapena kupotokola kawaya m'malo mwake monga ena amacitira, ndi njira yowochera galimoto.

Pali cinthu cina cimene casokoneza anthu ambiri m'zaka zino. M'magalimoto ena akale, kompyuta imadziwa kuti buleki siinapondedwe mwa kutumiza magetsi ocepa kupyola m'kawaya ka mkati mwa babu kukafika ku citsulo ca galimoto. Mababu onse akapsa, njirayo imaduka. Mababu a LED, omwe ambiri amakonda kaamba ka kuwala kwake, alibe kawaya koteroko, motero nyale zimayaka bwino koma cruise control imafa tsiku lomwelo limene aikidwa. Ngati cipangizoci cinaleka nchito pambuyo posintha mababu, kubwezeretsa babu wamba ndiye mayeso ochipa kuposa onse.

Kucoka kumbuyo, makanika amagona cagada pansi pa ciwongolero kuti aone swichi ya buleki. M'magalimoto okhala ndi cruise control, swichiyi kawiri-kawiri imakhala ndi mawaya anai. Awiri amalumikizana buleki ikapondedwa ndi kuyatsa nyale. Awiri enawo amacita zosiyana: amakhala olumikizana nthawi zonse ndipo amalekana buleki ikapondedwa, ndi kudula magetsi opita ku cokokera. Mbali imodzi ingafe inayo ikali yamoyo. Motero kuyaka kwa nyale si umboni wakuti swichi yonse iri bwino, ndipo mbali zonse ziwiri ziyenera kupimidwa ndi mita ya magetsi. Cimene cimacitikanso ndi cakuti wina anagula swichi ya mawaya awiri, ya galimoto yopanda cruise control, cifukwa ndiyo inali m'sitolo.

Pamene mutu wa swichi umagunda copondera pamakhala kapulasitiki kapena kalabala kofanana ndi batani la malaya. Ndi ukalamba ndi kutentha kamauma ndi kuphwanyika, ndipo tizidutswa take timapezeka pa mphasa ya pansi pa mapazi. Kakacoka, mutu wa swichi umalowa m'bowo m'malo mokanikizidwa, ndipo galimoto imaganiza kuti buleki ndi yopondedwa nthawi zonse. Nthawi zina nyale za mabuleki zimakhala zoyaka usiku wonse mpaka batire kutha. Magalimoto ena a Nissan ali ndi swichi yaciwiri yapadera ya cruise control, ndipo kapulasitiki ka imeneyo kakaphwanyika nyale sizionetsa cizindikiro ciliconse.

Pali njira yakale yoyesera izi pa mseu. Galimoto ikuyenda pa liwiro loyenera, woyendetsa amanyamula copondera ca buleki m'mwamba ndi msonga ya nsapato, kenaka n'kudina SET. Cruise control ikagwira, ndiye kuti copondera sicibwerera mpaka kumapeto kapena swichi yasuntha pa malo ake. Kuisunthira pafupi pang'ono ndi kumanga nati kumathetsa nkhani. M'galimoto ya giya yamanja, swichi ya pa kilachi imayesedwa cimodzi-modzi. M'ya otomatiki, swichi ya pa giyabokosi ndiyo imauza kompyuta kuti giya iri pa D, ndipo ikadzala matope imanama. M'ma Toyota ena a m'zaka za m'ma 1990 ngakhale nyale yofiira ya handibuleki imaletsa cruise control, ndipo nyale yomweyo imayakanso mafuta a mabuleki akacepa m'kabotolo kake.

Timapaipi ta vakyumu

Kwa eni Land Rover Discovery yoyamba, mdani wamkulu ndi labala. Paipi imacoka ku pampu kufika pa mphambano ya njira zitatu. Nthambi imodzi imapita ku kathumba kokoka akiseleleta, inayo imabowola khoma la pakati pa injini ndi mokhala anthu kukafika ku valavu ya pa copondera ca buleki. Buleki ikapondedwa valavuyo imatseguka, mpweya umalowa, ndipo kathumba kamamasuka ngakhale magetsi atasokonekera. Ndi citetezo cabwino. Koma kang'alu kalikonse pa paipi kamacita nchito yomweyo ya valavu yotseguka, ndipo pampu imangoyamwa mpweya wa kunja osakoka kanthu.

Timing'alu timeneti timabisala kumapeto kwa paipi, pomwe yabvekedwa pa kamlomo, ndi pamene ikulowera m'khoma. Munthu akangoyang'ana ndi maso paipi imaoneka yabwino. Ayenera kuipinda ndi zala kuti ming'alu iyasamule. Mayeso ake safuna makina. Injini iri cizimire, paipi imacotsedwa ku pampu ndi kuyamwidwa, kaya ndi kapampu kamanja, kaya ndi jekeseni waukulu wopanda singano. Ambiri amayamwa ndi pakamwa, ngakhale kuti fumbi la zaka 25 silikoma. Kathumba kayenera kufwamphuka ndi kukoka akiseleleta, ndipo paipi ikatsekedwa ndi cala kayenera kukhala cikokere. Kakabwerera pang'ono-pang'ono, pali pamene pakudontha mpweya. Kenaka mnzake akaponda buleki, kathumba kayenera kumasuka nthawi yomweyo. Mayeso aciwiriwa ndi ofunika kuposa oyamba, cifukwa ndiwo amatsimikiza kuti cipangizo cidzamvera phazi.

Kudula kumapeto kong'ambika ndi kubvekanso kumathandiza kwa miyezi yocepa. Paipi imene yayamba kung'ambika pamodzi yauma ponse, ndipo mamita awiri kapena atatu a yatsopano sadula.

Magalimoto ena a petulo alibe pampu yapadera. Amatenga vakyumu ku injini yeni-yeniyo. Kwa amenewa cizindikiro codziwika ndi cruise control yogwira bwino pa cidikha koma yofooka pa citunda. Cifukwa cake ndi cakuti injini ya petulo ikamakoka mwamphamvu, citseko ca mpweya cimatseguka kwambiri ndipo vakyumu imatsika, pa nthawi yomweyo imene cokokera cikuifuna. Opanga anaikapo kabotolo kosungira vakyumu ndi valavu yolola mpweya kupita mbali imodzi cabe. Mu Jeep Cherokee ya 1984 kufikira 2001 kabotoloko kali kuseri kwa bampala yakutsogolo, malo amene amaphwanyidwa kapena kutayidwa poika citsulo cochinga ng'ombe. Mu galimoto imeneyi vakyumu yomweyo ndiyo imasuntha timakomo ta mphepo ya m'kati, motero mphepo ikathawira yokha ku galasi lakutsogolo pokwera citunda, mwini wadziwa kale kumene bvuto liri.

Kutalika kwa dziko nako kumaonjeza. Cokokera ca vakyumu cimakankhidwa kweni-kweni ndi kulemera kwa mpweya wa kunja. Mzinda wa Lusaka uli pa mamita pafupi-fupi 1,280 pamwamba pa nyanja yamcere, kumene kulemera kwa mpweya ndi kocepa ndi magawo 14 pa 100 alionse poyerekeza ndi ku doko. Paipi yodontha pang'ono imene inali kupirira ku Durban kapena ku Dar es Salaam ingalephere ikafika kuno.

Toyota imanena yokha

Ma Toyota a m'zaka za m'ma 1990 ali ndi ubwino umene eni ake ambiri sadziwa. Kompyuta ikapeza colakwika poyenda, nyale yolembedwa kuti CRUISE imathwanima kasanu ndipo nambala ya bvutolo imasungidwa. Pansi pa boneti pali kabokosi kolembedwa kuti DIAGNOSIS. Kiyi iri pa ON, makanika amalumikiza mabowo awiri ochedwa Tc ndi E1 ndi kawaya kafupi, kenaka amawerenga kuthwanima kwa nyale ija. Kuthwanima kawiri, kupuma, ndi kuthwanimanso kamodzi ndi nambala 21, imene imaloza ku uthenga wa liwiro. Manambala 11 ndi 12 amaloza ku magetsi a cokokera. Kuthwanima kofulumira kosalekeza kumatanthauza kuti palibe colakwika cosungidwa. Matanthauzo ena amasiyana malinga ndi caka, motero buku la mtundu weni-weni wa galimotoyo ndi lofunika. Maina a mabowo analembedwa kunsi kwa cibvindikiro ca kabokosiko, ndipo ayenera kuwerengedwa mosamala, cifukwa mabowo ena ali ndi magetsi a batire.

Timakina tochipa tosomeka pa soketi ya mabowo 16, ta mtundu wa OBD-II umene unakhala lamulo ku America mu 1996, kawiri-kawiri sitimvana ndi magalimoto akale opangidwira msika wa ku Japan. Kakina kakalephera kuwerenga sizitanthauza kuti kompyuta ya galimoto yafa.

Ngati nyale ya CRUISE siyaka konse batani lalikulu likadinidwa, maso apite ku fyuzi ndi ku ciwongolero. Mawaya a mabatani a pa ciwongolero amadzera m'kalamba kopyapyala kokulungidwa ngati sipuling'i ya wochi, kamene kamalola ciwongolero kuzungulira mawaya osaduka. Kalambako kakaduka, nthawi zambiri huta nayo imaleka kulira kapena imalira ciwongolero cikakhala mbali imodzi yokha, ndipo nyale ya airbag imayaka. Kamaduka kawiri-kawiri pambuyo pokonza zitsulo za ciwongolero, ngati wokonza anazungulitsa ciwongolero cosalumikizidwa ku mawilo. Nchito imeneyi si ya aliyense. Batire liyenera kucotsedwa ndi kudikira, masekondi osacepera 90 m'ma Toyota ndi nthawi yaitali kuposa pamenepo m'ma Land Rover, malinga ndi buku la galimotoyo, ndipo mawaya acikasu a airbag sapimidwa ndi mita, cifukwa magetsi ocepa a mitayo angaiphulitse pamaso pa munthu.

Sensa ya liwiro ndi matayala

Mu 4x4 yakale sensa ya liwiro imakhala pansi, kawiri-kawiri pa transfer case, giyabokosi yaing'ono yogawira mphamvu ku mawilo akutsogolo ndi akumbuyo. Kumeneko ndi kumene kumafika matope a m'madambo, madzi a pa mitsinje yopanda milatho ndi udzu wautali wokola mawaya. Muvi wa sipidomita ukamanjenjemera kapena kugwa ndi kudzukanso, cruise control imadzimasula kapena imayamba kukoka ndi kuleka, galimoto n'kumayenda modzutuka. Nthawi zambiri sensa imakhala yamoyo, koma pulagi yake yacita dzimbiri lobiriwira. Mu Discovery 2 uthenga wa liwiro umacokera ku masensa a ABS a pa mawilo, motero nyale za ABS zikayaka ziyenera kuthetsedwa coyamba. Cimodzi-modzi, m'magalimoto opanda cingwe ca akiseleleta, nyale ya injini ikayaka kompyuta imakonda kuletsa cruise control kufikira bvuto la injini litakonzedwa.

Galimoto yogona pafupi ndi nkhokwe ya cimanga iyenera kuonedwanso ngati makoswe sanalume mawaya.

Matayala aakulu saononga cipangizoci, koma amacinamiza. Sensa imawerenga kuzungulira kwa zitsulo, osati mtunda weni-weni. Galimoto imene inapangidwira matayala a mainchesi 31 ikabvekedwa a mainchesi 33, kuzungulira kumodzi kumapita patali ndi magawo oposa 6 pa 100. Woyendetsa amene wasunga 100 amakhala akuthamanga pafupi-fupi 106, ndipo makina a apolisi a pamseu ndi a bungwe la RTSA amawerenga 106 yomweyo.

Kompyuta ndiyo yomaliza kukayikiridwa. Zoona imafa, maka-maka m'ma Land Rover akale m'mene mtobvu wolumikiza tizipangizo ta m'kati umang'ambika kaamba ka kugwedezeka kwa miseu ya mabampu. Koma wokonza mawailesi ndi ma TV waluso amatha kuwocherera malo amenewo pa mtengo wocepa kwambiri poyerekeza ndi kugula ina. Makanika amene wachula kompyuta asanayang'ane nyale za kumbuyo ayenera kufunsidwa mwaulemu kuti wapima ciani.

Ikakana kumasula

Cruise control yokana kugwira imangotopetsa mwendo. Yoopsa ndi imene yakana kuleka. M'magalimoto akale izi zimacitika kawiri-kawiri kaamba ka cingwe ca cokokera comwe cayamba kunyotsoka m'kati mwa cikopa cake, kapena capindika, kapena canjatidwa mothina pambuyo pocotsa injini. Cingweco ciyenera kukhala ndi kamtayo pang'ono injini ikamalira payokha, ndipo cikakokedwa ndi dzanja cibwerere cokha mosakoka-koka. Mphasa ya pansi yokwera pa akiseleleta imapereka zizindikiro zofanana.

Zikacitika pa mseu, woyendetsa aponde buleki mwamphamvu osapopa, cifukwa kupopa kumatha vakyumu yothandizira mabuleki. Azime batani lalikulu la cruise control, aike giya pa nyutulo kapena aponde kilachi, ndi kupatukira m'mbali. Injini idzalira mokweza, koma iyenera kuzimidwa galimoto itaima. Kuzima iri paliwiro kumalemeretsa ciwongolero ndi mabuleki, ndipo kiyi ikapotoledwa mpaka kumapeto ciwongolero cingakhomeke.

Ngakhale makampani aakulu anakumanapo nazo. Mu May 2018 kampani ya Fiat Chrysler inaitanitsa magalimoto pafupi-fupi 4.8 miliyoni ku America, kuphatikizapo ma Jeep, cifukwa waya wina akakhudzana cruise control ikanatha kukana kuzima. Kampani ya Ford, pakati pa 1999 ndi 2009, inaitanitsa magalimoto oposa 14 miliyoni kaamba ka swichi yoletsa cruise control imene inamangidwa pa pampu yaikulu ya mabuleki. Mafuta a mabuleki anali kudonthera m'swichiyo, yomwe mwa ambiri inali ndi magetsi ngakhale kiyi itacotsedwa, ndipo magalimoto ena anapsa ali ciimire. Ma Explorer, Expedition ndi F-150 a ku America a zaka zimenezo anali m'gululo. Ndi ocepa m'dziko muno, koma amene ali nayo aone ngati pulagi ya swichiyo iri yonyowa ndi mafuta, maka-maka ngati cruise control yake yaleka kugwira kapena fyuzi ya mabuleki ikupsa-ipsa.

Pambuyo pokonza, mayeso amacitikira pa mseu wa tara woongoka, wouma, wopanda magalimoto ambiri, pa liwiro la makilomita 60 pa ola, phazi liri pafupi ndi buleki. Kugwira kokha sikukwanira. Njira iriyonse yoletsera iyesedwe payokha: kukhudza buleki pang'ono, kuponda kilachi, kudina batani loletsa, ndi kuzima batani lalikulu. Pambuyo pa buleki, batani la RES liyenera kubwezeretsa liwiro lakale mofatsa, koma pambuyo pozima batani lalikulu liwirolo liyenera kuiwalika. Imodzi yokha ikalephera, cingwe ca cokokera cicotsedwe pa akiseleleta ndi kumangidwa pambali kufikira cokonzera citapezeka. Galimoto imayenda bwino-bwino popanda ico.

Mabuku a opanga amaletsa kusewenzetsa cruise control m'giya yotsika ya m'thengo, pa mseu woterera ndi mvula, pa miyala ndi pa mcenga, popeza mawilo akayamba kuterereka munthu amafunika kucepetsa moto ndi phazi lake mwamsanga. Pa mseu wa Great East palinso zina zoonjezera: njinga zonyamula makala, mbuzi ndi ng'ombe za m'midzi ya ku Nyimba, Petauke ndi Katete, ndi ana a sukulu oyenda m'mphepete. Pa liwiro la makilomita 100 pa ola galimoto imapita mamita pafupi-fupi 28 pa sekondi imodzi, ndipo phazi limene lapindidwa kutali pansi pa mpando limatenga nthawi yoposa imeneyo kuti lifike pa buleki.